Ntchito yofufuza za mkangano wa anthu ndi nyama zakutchire m'matauni: munthu ayambire pati?

Tisa Mwale:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Munthu amene akumaliza digiri ya sociology angapeze ntchito yofufuza za mikangano ya anthu ndi nyama zakutchire, makamaka m'matauni? Kapena ntchito zimenezi ndi za okhawo amene anaphunzira za nyama? Nanga kuno ku Chipata angafufuze chiyani, poti njovu kulibe?

A Tembo:
Ntchitoyo ilipo, mwanawe, ndipo oidziwa bwino ndi ochepa. Wa biology amadziwa kuwerenga njovu, kuiveka kolala ya GPS ndi kuonetsa pamapu njira imene imadzera usiku. Koma mumufunse chifukwa chake mudzi wina wasiya kupaka tsabola pampanda patangopita miyezi itatu, kapena chifukwa chake anthu sakanena kwa a gemu, alonda a boma a nyama zakutchire, nyama ikaononga, kolala ija ilibe yankho. Yankho lili mwa anthu: akukhulupirira ndani, akuopa ndani, ndalama za nyama zikuthera m'thumba la yani. Kawirikawiri mkangano umene timati ndi wa munthu ndi njovu umakhala wa munthu ndi munthu mnzake, njovu yangokhala poyambira.

Za tauni, musaganize za Lusaka yokha. Mfuwe, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pano, ndi malo amene akusanduka tauni maso tikuona: masitolo, mabala, nyumba za lendi, zonse zandanda m'mbali mwa tala wochokera ku eyapoti kupita kugeti la South Luangwa. Malo onsewo ali mu Lupande Game Management Area (GMA), dera loyandikana ndi paki momwe anthu amakhala pamodzi ndi nyama, ndipo njovu zimaoloka mtsinje wa Luangwa usiku kudzafuna mango ndi chimanga chosungidwa m'nyumba. Ku Livingstone nako njovu zochokera ku Mosi-oa-Tunya zimalowa m'makomboni.

Amai Nabanda:
Ndionjezere za Chipata yeniyeni, poti funso lafika pamenepo. Njovu kulibedi, koma nyumba zikukwera mapiri chaka ndi chaka, ndipo m'mapirimo muli apusi, abale a anyani aja, ndi njoka. Muli njuchi zomanga m'siling'i, mileme m'madenga a masukulu ndi matchalitchi, akadzidzi. Kadzidzi saononga munda wa munthu, koma akalira padenga usiku banja lonse siligona, ndipo mawa lake anyamata amamusaka ndi malegeni. Umenewo si mkangano? Palibe sikelo yoyezera kuonongeka kwake, koma mantha alipo ndipo mbalame ikufa. Wophunzira za chikhalidwe ndiye angaulongosole.

China chimene tauni imasiyana ndi mudzi ndi chakuti sizidziwika kuti mwini vuto ndani. Kumudzi munthu amathamangira kwa anyakwawa, anyakwawa kwa sikauti. M'tauni pusi akalowa m'khitchini muimbira yani? Zinyalala zimene zikumukoka ndi za khonsolo, pusiyo ndi wa DNPW, dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire, akaluma mwana nkhani yapita kuchipatala ndi kwa a vetenale chifukwa cha chiwewe. Kungolondola madandaulo 50, kuti aliyense anakanena kuti, anayankhidwa patapita masiku angati, ndipo zinatha bwanji, imeneyo ndi nkhani yokwanira digiri yachiwiri.

Chisomo J.:
Mileme nayonso mukuiwerenga ngati nyama zakutchire? Ine ndimayesa tikunena za mikango.

Amai Nabanda:
Nyama yakutchire ndi iliyonse yosawetedwa, a Chisomo. Mkango umabwera kamodzi pa zaka, mileme ili m'denga tsiku lililonse, ndipo ndowe zake zimaoletsa siling'i mpaka kugwa.

A Zulu wa ku Kapata:
Asanapite kutali a Tisa adziwe lamulo, chifukwa mayankho onse amene adzamve achokera pamenepo. Lamulo lake ndi Zambia Wildlife Act ya 2015. Ndi limene linathetsa ZAWA, bungwe lakale loyang'anira nyama, m'malo mwake n'kubwera Department of National Parks and Wildlife (DNPW) kuyambira 2016. Nyama zakutchire lamulo limaziika m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, n'chifukwa chake anthu amati "njovu zanu" kapena "nyama za boma". M'madera a GMA muli ma Community Resources Board (CRB), mabodi a anthu a m'deralo oyang'anira zachilengedwe, pansi pake ma Village Action Group, ndipo mfumu ya dera ndiyo kholo la bodiyo. Ku Lupande mafumu ake ndi a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro.

Mfundo yaikulu nayi: kuno kwathu kulibe dongosolo la chipukuta misozi cha munda woonongedwa ndi nyama, monga liliri ku Botswana kapena ku Kenya. Zotsatira zake ndi ziwiri ndipo zimakokera kosiyana. Ena saona chifukwa chokanenera, choncho mabuku a ofesi amaonetsa milandu yochepa kuposa imene inachitika. Ena akaona mlendo wanyamula tabuleti amaganiza kuti kalembera wa thandizo wafika, ndiye munda wa lima imodzi umasanduka hekitala. Wofufuza amene sadziwa zimenezi amatola manambala abodza mbali zonse ziwiri.

Tisa Mwale:
Nanga mungadziwe bwanji kuti munthu akukokomeza, a Zulu? Simungamuuze kuti akunama.

A Zulu wa ku Kapata:
Simumutsutsa, mumapita naye kumundako. Muzifika pasanathe masiku awiri kapena atatu, mapazi ndi ndowe zisanafafanizike ndi mvula, chifukwa ng'ombe za mnansi nazo zimadya chimanga ndipo mlandu n'kugwera nyama zakutchire. Yezani munda wonse poyenda m'malire ndi GPS ya pafoni, kenako yezani malo oonongekawo ndi tepi kapena mapazi. Tiyerekeze: lima imodzi ndi mamita 50 m'litali, 50 m'lifupi, ndiye masikweya mita 2,500. Ngati poonongeka ndi mamita 20 kwa 15, amenewo ndi 300, kutanthauza magawo 12 pa 100 a mundawo. Mwini munda akati pa lima imeneyo amakolola matumba 10 a makilogalamu 50, chatayika ndi thumba limodzi ndi pang'ono. Lembaninso msinkhu wa mbewu. Chimanga chofika m'mawondo chikapondedwa mwina n'kudzukanso, cha ngaiyaye kapena chokhwima chapita basi.

Koma zonse ziwiri muzilembe, zimene mwayeza ndi zimene mwini wanena. Kusiyana kwake si bodza loti mulitaye, ndi chimene mwabwera kudzaphunzira. Munthu amene wagona m'msasa kumunda miyezi iwiri, kulumidwa ndi udzudzu, kudwala malungo, ana ake kuchedwa kusukulu poopa kukumana ndi njovu m'mamawa, akati "munda wonse watha" sakunena za chimanga chokha.

A Tembo:
Pamenepo a Zulu mwalasa. Ndipo mukamafunsa za chimene chimaononga mbewu, musayambe ndi njovu. Muuzeni munthu atchule yekha zonse, kenako azisanje ndi timiyala 20 kapena njere za nyemba, zambiri pa chimene chimamupweteka kwambiri. Mudzapeza nguluwe, anyani, ntchemberezandonda, anankafumbwe, kuchedwa kwa feteleza. Mbewa zokha kuno kum'mawa sizidandaulitsa, poti nazonso timazibwezera pa nsima. Mukayamba ndi funso loti "njovu zimakuvutitsani bwanji", mwamupatsa kale yankho.

Mphunzitsi Phiri:
Ine ndikambe za mawu, chifukwa mafomu ambiri amalembedwa m'Chingerezi ku Lusaka n'kumasuliridwa usiku umodzi. Mawu oti nyama kwa ife ndi cholengedwa chamoyo komanso ndiwo. Funso loti "kodi mumakonda nyama?" aliyense adzati inde, akuganiza za m'mbale. Mawu oti chilombo kumadera a Gawa Undi, monga ku Katete ndi ku Chadiza, angatanthauze za kudambwe, ndipo funso loti "zilombo zimabwera kangati pamudzi pano" lingakutsekereni pakamwa pa anthu onse. Fisi ndiye woopsa kwambiri. Pali fisi wa m'tchire, pali fisi amene anthu amati wokwera mfiti, palinso fisi wa mwambo uja akulu amadziwa. Munthu akati "uja sanali fisi wamba", musaseke ndipo musadumphe. Lembani momwe wanenera, chifukwa amene akukhulupirira kuti fisi watumidwa sadzamanga khola lolimba, adzapita kwa sing'anga.

Njira yake ndi iyi: wina amasulire kuchoka m'Chingerezi, wina amene sanaone choyambirira abwezere m'Chingerezi, mufananize. Kenako kayeseni pa makomo 15 kapena 20 a kudera lina losakhala la kafukufuku wanu. Ndipo Chichewa cha pa Chipata si chimene chimayankhulidwa konse. Ku Mfuwe ndi Chikunda, ku Petauke Chinsenga, ku Lundazi Chitumbuka. Wofunsa mafunso azikhala woyankhula chakumaloko, koma asafunse m'mudzi wakwawo, chifukwa palibe amene angauze mphwake wa anyakwawa kuti amatchera misampha.

Gift wa ku Lumezi:
Zonse mukunenazi n'zabwino, koma tinene zoona. Anthu atopa nawo ofufuza. Amabwera ndi galimoto, mafunso ola lathunthu, chithunzi, basi osaonekanso. Kuchokera pamene njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, midzi ya m'malire kuno yakhala ikudandaula za minda ndi miyoyo ya anthu. Njovu sidziwa kuti apa ndi Malawi apa ndi Zambia. Anthu akufuna waya wa mpanda wotchinga njovu, mukuwapatsa fomu. Ndiye mwana akufunsa za ntchito, mukumuuza kuti akadyere pa misozi ya anzake?

Amai Nabanda:
Mawu anu ndi owawa a Gift, koma sindingawakane. Kafukufuku wosabwerera kwa eni ake ndi kuba. Ndalama ya msonkhano wokabweza zotsatira iziikidwa mu bajeti kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi pepala limodzi la m'chiyankhulo chawo loti lisiyidwe kwa amfumu, kwa a CRB ndi kusukulu. Yoyembekeza kuti itsala kumapeto sitsala.

Komabe waya womwewo ndi umene umafuna wofufuza za anthu. Mpanda wamagetsi wa sola sufa chifukwa cha njovu yokha. Udzu ukakula n'kukhudza waya, mphamvu imathawira pansi, ndiye pafunika wosenga mlungu ndi mlungu nthawi ya dzinja. Batire limatha, sola imabedwa, waya amadulidwa kukapanga misampha. Ndani asenge, alipidwa ndi yani, kiyi wa kabokosi asunga ndani, nanga amene munda wake watsala kunja kwa mpanda atani, poti njovu zonse tsopano zikhotera kwa iye? Mafunso amenewa akapanda kuyankhidwa mpanda usanamangidwe, pakatha zaka ziwiri patsala mitengo yokha.

Gift wa ku Lumezi:
Apo ndavomera pang'ono. Koma azinena poyera kuti sanabweretse thandizo.

A Zulu wa ku Kapata:
N'zimene pepala la chilolezo limanena, likawerengedwa moona mtima osati mothamanga. Ndipo poti tafika pa zilolezo, a Tisa lembani ndondomeko. Choyamba komiti yoona za chilungamo cha kafukufuku, ku University of Zambia (UNZA) ilipo ya maphunziro a za anthu, palinso ina yotchedwa ERES Converge. Chachiwiri chilolezo cha DNPW ngati mukugwira mu GMA kapena mukufuna mabuku awo a madandaulo. Kenako kalata kwa a DC ndi kukhonsolo. Kumudzi mukaonekere kwa amfumu kudzera mwa nduna zawo, osapita chimanjamanja, kenako kwa anyakwawa. M'komboni ngati Mchini kapena Nabvutika mudzere kwa khansala ndi a Ward Development Committee. Zimenezi zipatseni miyezi iwiri kapena itatu. Ambiri amaika milungu iwiri, nyengo imene amafuna kuona n'kuwadutsa.

Ndipo musakwere galimoto ya a gemu popita kukafunsa, ngakhale ikhale yaulere. Mukatsika m'galimoto imeneyo ndinu wa gemu mpaka mudzachoke. Mayina a anthu asakhale pafomu imodzi ndi mayankho, muziika nambala. Pali Data Protection Act ya 2021, komanso fomu yonena kuti uje anapha nyama ikagwa m'manja olakwika mwamumangitsa ndinu.

Tisa Mwale:
Ndiye za misampha ndi kupha nyama mungafunse bwanji osamuika munthu m'mavuto?

A Tembo:
Pali njira yoti munthu asavomere chilichonse pamaso panu. Anthu anu mumawagawa pawiri mwamaere. Gulu loyamba mumalionetsa khadi la zinthu zinayi zimene munthu angachite poteteza munda, monga kulondera usiku, kuimba zitini, kuyatsa moto, kuweta agalu. Gulu lachiwiri khadi lomwelo koma mwaonjezapo chachisanu, kutchera waya. Funso ndi limodzi: pa zimenezi mwachitapo zingati chaka chino? Asatchule kuti ziti, nambala yokha. Tiyerekeze kuti gulu loyamba pakatikati pake patuluka 2.1, lachiwiri 2.3. Kusiyana kwa 0.2 kukusonyeza kuti pafupifupi anthu 20 pa 100 amatchera, koma palibe amene mungamuloze chala. Kuipa kwake imafuna anthu ambiri, mazana angapo mbali iliyonse, apo ayi kusiyanako kumangokhala kwamwayi. Pakhadipo pakhalenso chinthu chimodzi chimene pafupifupi aliyense amachita ndi china chimene ochepa amachita, kuti munthu asakakamizike kuyankha kuti "zonse zisanu", chifukwa pamenepo wadziulula. Kwa osawerenga jambulani zithunzi.

Mphunzitsi Phiri:
Za chiwerengero cha makomo, nambala imene mudzaimva kawirikawiri ndi 384. Imachokera pa masamu ofuna kuti zotsatira zisaphonye kupitirira 5 pa 100. Koma imagwira ngati khomo lililonse lasankhidwa mwamaere m'dera lonse. Mukasankha midzi kapena zigawo kaye, kenako makomo m'katimo, anthu oyandikana amayankha zofanana, ndiye ambiri amaichulukitsa kawiri, n'kuonjezapo 10 pa 100 ya amene simudzawapeza pakhomo. Mapu a zigawo za kalembera wa 2022 ali ku ZamStats, ofesi ya boma ya kalembera, yambirani pamenepo. Wofunsa mmodzi, fomu ya mphindi 40, makomo asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku ndiye malire. Akakubweretserani 15, ena wawadzazira pansi pa mtengo wa mango. KoboToolbox, pulogalamu yodzazira mafomu pafoni kapena patabuleti, imalemba nthawi yoyambira ndi yomalizira komanso malo, muziyang'ana madzulo aliwonse, osadikira kumapeto.

M'tauni muli msampha wina: masana mumapeza ana, antchito ndi agogo. Eni nyumba ali kumsika kapena kuntchito. Muzibwerera Loweruka kapena madzulo. Wa lendi ndi mwini nyumba muziwasiyanitsa, poti wa lendi sangatseke mabowo a denga ngakhale mileme imusowetse tulo. Ndipo musamangofunsa mutu wa banja. Amene amakumana ndi ng'ona kumadzi ndi njovu kunkhuni ndi amai.

Amai Nabanda:
Nyengo nayo. Kuchigwa njovu zimavuta m'minda chimanga chikamakhwima, cha mu Febuluwale mpaka Epulo, kenako zimatsata nkhokwe ndi nyumba m'chilimwe, ndi mango cha mu Okutobala ndi Novembala. Mukafunsa mwezi umodzi wokha mwaona mbali imodzi. Komanso munthu sakumbukira bwino za chaka chonse, chochitika chachikulu cha zaka zitatu zapitazo amachikokera chaka chino. Muzimangirira mafunso pa zinthu zodziwika: kuyambira pa Nc'wala, kuyambira pokolola, kuyambira pa Kulamba.

Tisa Mwale:
Zikomo kwambiri nonse. Tsono ntchito yeniyeniyo, yolandira malipiro, imapezeka kuti?

A Tembo:
Khomo loyamba pafupifupi kwa aliyense ndi kukhala wofunsa mafunso wa masiku ochepa. Musainyoze. Mukaonetsa kuti mafomu anu ndi oyera, mumakwera kukhala woyang'anira gulu, kenako wosunga ndi kusanthula manambala, imene m'mabungwe amaitcha M&E. Kuti mutsogolere kafukufuku wanuwanu pafunika digiri yachiwiri. Mabungwe ogwira ntchito kuno ndi monga Conservation South Luangwa, Zambian Carnivore Programme, Chipembele Wildlife Education Trust, COMACO imene ili ndi fakitale pa Chipata pompano, BioCarbon Partners, ndi Frankfurt Zoological Society ku North Luangwa. DNPW nayo ili ndi gawo loona za anthu a m'ma GMA. Musaiwale makampani olemba malipoti opita ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, msewu kapena loji isanamangidwe, chifukwa mbali ya za anthu imafuna munthu ngati inu.

Zoti muphunzire panokha musanapemphe ntchito: kupanga fomu mu KoboToolbox, Excel mpaka pa pivot table, QGIS yoika madontho pamapu, ndi R kapena SPSS zosanthulira manambala. Kobo, QGIS ndi R ndi zaulere. Laisensi ya njinga yamoto imakuikani patsogolo pa anzanu, poti dzinja kuchigwa galimoto imatitimira. Dziwaninso pang'ono za nyamazo, kusiyanitsa phazi la mvuu ndi la njovu, kudziwa kuti njovu yaikazi ya mwana simuiyandikira. Werengani malangizo a 2023 a IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, a za mikangano ya anthu ndi nyama, ali pa intaneti. Za maphunziro akunja, DICE ku University of Kent ndi malo odziwika pa nkhani zimenezi, ndipo Chevening ndi Commonwealth ndi njira zopezera sikolashipu. Bungwe la Rufford limapereka ndalama zochepa za kafukufuku kwa oyamba kumene.

A Zulu wa ku Kapata:
Mumuuzenso kuipa kwake a Tembo. Ntchito zambiri ndi za kontirakiti, chaka chimodzi kapena ziwiri, ndalama za opereka thandizo zikatha nanunso mwatha. Ndipo amene akukulipirani nthawi zambiri ndi bungwe loteteza nyama, pamene zimene mwapeza mwina zikunena kuti pulojekiti yawo anthu sakuifuna. Musanasaine funsani kuti manambala ndi a yani ndipo muli ndi ufulu wofalitsa kapena ayi. Ubwino wake luso lomweli limagwira ku zaumoyo ndi ku zaulimi. Chitsanzo ndi matenda a anthrax a ku Chama mu 2011, pamene anthu oposa 500 anadwala atadya kapena kugwira nyama ya mvuu zofa zokha. Madokotala anadziwa msanga kuti ndi matenda anji, koma funso loti n'chifukwa chiyani anthu adzadyanso mvuu yofa ngakhale awachenjeze linafuna wofunsa za njala ndi za ndiwo.

Chisomo J.:
Nanga wopanda ndalama yopitira ku Mfuwe?

Amai Nabanda:
Ayambire pomwe ali. Asankhe makomboni awiri, lina la m'munsi mwa phiri, lina la pakati pa tauni. Apemphe kuona mabuku a madandaulo kukhonsolo ndi a olumidwa ndi njoka kapena nyama kukiliniki, manambala okha popanda mayina, atatenga chilolezo cha a zaumoyo. Acheze ndi anthu 20 kapena 25 mozama, osati ndi fomu: ogulitsa pamsika, alonda a usiku, osamalira masukulu, otola zinyalala, ophwanya miyala m'phiri. Alonda ndiwo amaona zoyenda usiku kuposa wina aliyense, koma palibe amawafunsa. Ajambule pamapu pamene pali milu ya zinyalala ndi pamene apusi amaonekera, aone ngati zikugwirizana. Zonsezi ndi foni, kope ndi ndalama ya njinga ya kabaza.

Gift wa ku Lumezi:
Akamaliza za apusi abwere kuno. Koma abwere mu Malichi, agone kumsasa usiku umodzi, fomu aitulutse m'mawa mwake.

Tisa Mwale:
Ndamva a Gift. A Phiri, khadi la zithunzi lija, munthu wosawerenga angasonyeze bwanji nambala popanda kuloza chithunzicho?

Mphunzitsi Phiri:
Mpatseni timiyala tisanu m'dzanja, inu mutembenuke. Pa chilichonse chimene wachitapo asamutsire kamwala kamodzi kudzanja linalo. Akatha, khadi alivundikire pansi, ndiye mutembenuke n'kuwerenga timiyalato. Yesezani naye kaye ndi khadi la zakudya, monga nsima, mbatata, mpunga ndi chinangwa, mpaka muone kuti wamvetsa kuti simukufuna kudziwa kuti ndi ziti.